Rosalind: Poyambira Ntchito ya Bioinformatics

Kwa katswiri wa zamoyo amene akufuna kuchoka m'labotale n'kuyamba kufufuza DNA pakompyuta (ntchito imene imatchedwa bioinformatics), webusaiti ya Rosalind ndi poyambira pabwino, ndiponso ndi yaulere. Funso loyamba m'gawo la Bioinformatics Stronghold limangofuna kuti muwerenge kuti chilichonse mwa zilembo za DNA, A, C, G ndi T, chikupezeka kangati m'fayilo, koma mukangotsitsa fayilo mumakhala ndi mphindi 5 zokha zotumizira yankho, motero kuwerenga ndi chala sikungathandize, muyenera kulemba pulogalamu. Amene sanagwirepo Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ayambire ku gawo la Rosalind lotchedwa Python Village.

Komabe mafunsowa ndi okonzedwa bwino mopitirira muyezo poyerekeza ndi deta yosokonekera yochokera m'makina owerenga majini, choncho wofuna kudzalembedwa ntchito kumalo ngati EMBL-EBI, bungwe la kafukufuku wa bioinformatics ku Hinxton, m'dziko la England, ayenera kuphunziranso Linux (pulogalamu yoyendetsera kompyuta), R (chilankhulo chosanthulira deta) ndi masamu a statistics kwina.