Makalasi a masamu a Loweruka pa Chitakale

Wokonzekera mayeso a MSCE apindula ndi makalasi a Fomu 4 amenewa. Mwachitsanzo, aphunzitsi amalemba a = b pa bolodi, kenaka a² = ab, ndi a² − b² = ab − b², mpaka (a + b)(a − b) = b(a − b). Akagawa mbali zonse ndi (a − b) pamatsala a + b = b; poti a = b, ndiye kuti 2b = b, kutanthauza kuti 2 = 1. Ana ambiri amasaka cholakwa pa mabulaketi, pomwe palibe vuto. Cholakwa chili pogawapo: poti a ndi b n'zofanana, a − b ndi ziro, ndipo ziro sagawira nambala. Njira ya aphunzitsiwo yogwirira cholakwacho ndi yothandizadi: ikani 3 m'malo mwa zilembo zonse, yesani mzere uliwonse. Mizere yapamwamba ikugwirizana, wotsatira kugawako ukupereka 6 = 3. Chodandaulitsa n'chakuti bolodi ndi laling'ono, akumbuyo saona bwino.