Mkodzo wa galu pa kapinga: miyala ya ku Johannesburg, mapiritsi, kheni ya madzi kapena mchenga?

Mvula ikangoleka, anzanga oweta agalu ku Area 47, Area 18 ndi Area 49 mu Lilongwe muno amayamba kundifunsa zomwezomwezo. Kapinga watuluka zigamba zouma, ndiye ndiwatchulire mankhwala oti akagule. Ndatopa n'kuyankha mmodzimmodzi, choncho nazi njira zonse zimene ndayesa komanso zimene ndaona m'mipanda ya anzanga. Ndineneretu kuti zogula ndi ndalama zambiri ndi zimene zili kumchira pa kuthandiza.

Ogulitsa amadyera pa kusadziwa kwathu chimene chimapha udzuwo. Mumkodzo wa galu muli urea, yemwe uja wa m'thumba la feteleza wobereketsa, amene nayitirojeni wake ndi 46 peresenti. Galu akadya nyama, usipa, bonya kapena soya, thupi limatengapo zomanga thupi, zotsalazo chiwindi chimazisandutsa urea, impso n'kumutayira mumkodzo pamodzi ndi mchere. Amene anagwirapo khasu akudziwa chimene chimachitika ukaunjika urea patsinde penipeni pa chimanga dothi lili louma: chimangacho chimapsa, pamene phando loyandikana nalo, limene langolawako pang'ono, limabiriwira. N'chifukwa chake chigamba cha mkodzo chimauma pakati koma m'mphepete mwake mumakhala mkombero wobiriwira kwambiri, wotalika kuposa udzu wina wonse. Ngati mkomberowo palibe, ndipo udzu ukuzuka wokha mukangoukoka, galu musamunamizire. Fufuzani chiswe kapena mbozi zodya mizu.

Zoti mkodzo wa galu wamkazi ndi waukali kuposa wa wamphongo n'zongokamba. Wamkazi amanyonyomala n'kutayira wonse pamalo amodzi, pamene wamphongo amatukula mwendo n'kumagawa pang'onopang'ono, pamtengo, pageti, patayala la galimoto. Kumufula galu kapena kumutseka sikusintha kanthu pa nkhani ya kapinga. Vuto lathu lenileni kuno ndi kawetedwe. Agalu ambiri mu Lilongwe ndi olondera, amaswera m'khola tsiku lonse, ena mbale ya madzi atayigubuduza kale m'mawa. Akamatsegulidwa madzulo amakhala atasunga mkodzo wambiri, wachikasu kwambiri, ndipo amathamangira kukautaya pa kapinga amene mvula anaiona komaliza mu Epulo.

Ndiyambe ndi miyala, chifukwa ndili nayo chifukwa. Ndikunena timiyala tija timabwera m'paketi, toti uziponya m'mbale ya madzi akumwa a galu, akuti kuti mkodzo wake usamawotche udzu. Ine ndinagula kwa mayi wina amene amaoda katundu ku Johannesburg n'kumatsatsa pa WhatsApp. Pondiuza mtengo mawu anali okoma. “Asisi, mungoponya m'madzimo basi, nkhani yatha.” Katundu atafika, mtengo uja unabereka ana. Panabwera ya thiransipoti, kenako ya pa boda, kenako akuti randi yakwera kuyambira tsiku limene tinagwirizana. Pomaliza ndinalipira ndalama yoti ndikanagulira mchenga wokwanira bwalo lonse la kuseri kwa nyumba.

Chinandipweteka kwambiri si chimenecho. Ndi zimene zinalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono kumbuyo kwa paketi, zimene mayiyo sanatchuleko n'kamodzi komwe. Miyalayo imafunika kusinthidwa miyezi iwiri iliyonse, kutanthauza kuti umakhala kasitomala wake mpaka galu adzafe. Ndiponso galuyo asamwe madzi kwina kulikonse koma m'mbale yomweyo. Ndani mu Lilongwe muno ali ndi galu wotero? Wanga amamwa pansi pa mpopi wa panja, m'beseni la zochapa, m'ngalande, paliponse pamene padikha madzi. Zigamba zinapitirira kutuluka, ndipo nditakadandaula anandiyankha kuti, “Galu wanuyo ndi wamkulu asisi, amafunika mapaketi awiri.”

Ngakhale galu atamvera malamulo onsewo, nzeru yake ya miyalayi ndi yopunduka. Akuti imayamwa zoipa za m'madzi akumwa. Koma urea wa mumkodzo sachokera kumpopi, amachokera m'chakudya. Mwala uli m'mbale ya madzi, bonya ali m'mimba mwa galu, zikumana pati? Amene amaichemerera ambiri anayamba kuigwiritsa ntchito cha mu Novembala, mvula n'kubwera n'kutsuka dothi, ulemu n'kupita kwa mwala.

Mapiritsi omwetsa galu kuti mkodzo usawotche udzu ndiye ndimakaniza dala. Miyala imangodya ndalama, koma awa amalowa m'thupi mwa galu. Ambiri mwa iwo amakhala ndi methionine, mankhwala owonjezera asidi mumkodzo, poganiza kuti chimawotcha udzu ndi kuchepa kwa asidi. Si choncho, chimawotcha ndi nayitirojeni ndi mchere. Madokotala a ziweto amawagwiritsadi ntchito mankhwalawa, koma pa galu amene amuyeza n'kumupeza ndi mtundu wina wa timiyala ta m'chikhodzodzo. Kwa galu wabwinobwino, asidi akachuluka mumkodzo angathe kuyambitsa timiyala ta mtundu winanso, ndipo timeneto nthawi zambiri timachoka ndi opaleshoni. Amene mwagula kale, tengani botololo mukawaonetse adokotala a ziweto, kaya ku LSPCA, bungwe losamalira ziweto la mu Lilongwe, kaya kwina kumene mumabayitsa katemera wa chiwewe, musanamupatse galu ngakhale piritsi limodzi.

M'gulu lomweli muli nzeru zina zapakhomo, monga kuthira mchere wambiri kapena tomato sosi m'chakudya kuti galu azimva ludzu, amwe madzi ambiri, mkodzo usungunuke. Amamwadi madzi ambiri, koma mukuvutitsa impso ndi mtima, makamaka ngati galuyo ndi wokalamba. Ena amachotseratu ndiwo, galu n'kumangodya nsima ya gaga yokhayokha. Kapinga adzakongola, koma galu wowerengeka nthiti sathamangitsa wakuba. Cholinga chabwino cha m'nzeru zimenezi mutha kuchipeza mosavulaza galu: muzifewetsa chakudya ndi madzi kapena msuzi wopanda mchere, ndipo m'khola muikemo ndowa yolemera kapena yomangirira kukhoma kuti asaigubuduze.

Laimu, phulusa ndi soda zimene ena amawaza pazigamba sizichotsa nayitirojeni, ndipo phulusa ndi soda zimangowonjezera mchere padothi lopsa kale. Tsabola wowaza pa udzu kuti galu asakodzepo amamuwawitsa m'maso ndi m'mphuno, amasuluka mukangothirira, ndipo galu amangosuntha pang'ono n'kukapanga chigamba chatsopano. Udzu wapulasitiki supsa ndi mkodzo, koma mukaupondepo masana mu Okutobala, mununkhizenso, mudzandiuze.

Tsopano zimene zimagwiradi ntchito, ndipo zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi kheni ya madzi. Urea wochuluka ndi poizoni, wosungunuka ndi feteleza, ndiye ntchito yonse yagona pa kumusungunula asanawotche mizu. Galu wathanzi amakodza pakati pa mamililita 20 ndi 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Boerboel kapena German Shepherd wa makilogalamu 40 ndiye kuti amataya pafupifupi lita imodzi kapena kuposerapo patsiku. Mukathira madzi ochuluka katatu kuposa mkodzowo pamalo pomwepo, mumapeza kuti kheni imodzi ya malita 10 ikukwanira malo awiri kapena atatu. Yerekezani zimenezo ndi kutsegula sipirinkila bwalo lonse, mayunitsi a madzi n'kumatha mukuona. Madzi otsukuluzira zovala komaliza ndi abwinonso pa ntchitoyi, koma oyamba aja a thovu la sopo ayi, muli mchere.

Kheni imafuna nthawi, ndipo imafuna maso. Mukathira pasanathe maola ochepa, udzu umapulumuka. Mukadikira mpaka dzuwa la mawa masana litawomba, mwachedwa. Ndiye usiku galu akukodza, ndani akumuona? Apa m'pamene pabisala mtengo wa njira imeneyi, chifukwa imafuna munthu. Kwathu ntchitoyi inagwera alonda, ndipo nditangowauza anandiyang'ana n'kunena kuti, “Amayi, ine ndinabwerera geti, tsopano ndizilonderanso mkodzo?” Ndinawayankha kuti, “Abambo, n'koyamba kokhako akangotuluka m'khola, kwinako zisiyeni.” Tinamvana nditawonjezera kangachepe pamalipiro, ndipo sananame, ntchito yowonjezera imafuna ndalama yowonjezera. Mkodzo woyamba uja ndiwo woopsa, chifukwa ndi wambiri komanso ndi umene wakhalitsa m'chikhodzodzo. Mukagwira umenewo, zigamba zambiri mwazipewa.

Yachiwiri ndi imene ndimaikira kumbuyo, ndipo ndikuvomera kuti pa iyi ndimakondera: kumupangira galu pokodzera pakepake. Sankhani malo pafupi ndi khola, kutali ndi chitsime komanso dimba la ndiwo zamasamba. Kumbani pang'ono, pansi muikepo miyala ya kwale kuti madzi azilowa, popeza katondo wathu wofiirayu sachedwa kusunga chithaphwi, pamwamba muthirepo mchenga wa kumtsinje. Ngati galu ndi wamphongo, zikanipo kamtengo pakati. Tengani dothi la pachigamba chimene amakonda kukodzapo mulisakanize mumchengamo kuti fungo limuitane. Madzulo potsegula khola musamusiye athamange yekha. Mumangeni chingwe, mupite naye pamchengapo, muime naye mpaka akodze, kenako mumusisite n'kumupatsa kabonya, ndiye mumumasule. Galu wopanikizika tsiku lonse sachita manyazi, amakodza pomwe mwamuimikapo, ndipo khola lija limene linali gwero la vuto limasanduka lokuthandizani kumuphunzitsa.

Kamwana ka galu kamagwira msanga. Galu wamkulu amene anazolowera kale pakati pa bwalo amatenga nthawi, ndipo mukangolekeza masiku angapo amabwerera kwakale. Zovuta zina ndi fungo nyengo yotentha, limene limatha mukamatsanulirapo ndowa ya madzi, komanso amphaka a aneba amene amauona mchengawo ngati chimbudzi chaulere. Komabe mchenga mumagula kamodzi, ndipo galu akazolowera safunanso munthu woima ndi kheni. Pakati pa ziwirizi, kheni imapulumutsa udzu lero lomwe, mchenga umathetsa vuto. Ine ndikanati yambani zonse pamodzi, kheni muzidzaisiya pang'onopang'ono.

Ena amafunsa ngati kusintha mtundu wa udzu kungathandize. Pa intaneti mupeza akuchemerera fescue ndi ryegrass kuti zimapirira mkodzo. Ndi udzu wa kumaiko ozizira, umamera m'magulumagulu, sutambalala, ndipo kuti udutse Seputembala ndi Okutobala kuno ufunika madzi oti simungakwanitse. Chigamba chikatuluka pamenepo chimakhala chomwecho mpaka mutafesanso mbewu. Kapinga wathu wa masamba ang'onoang'ono, amene ena amamutcha Bermuda, amapsa msanga ndithu, koma amayanga pamwamba ndi pansi pa dothi n'kutseka yekha bala lake. Kikuyu, wochokera kumapiri a ku Kenya, amatseka mofulumira kuposa onse, kungoti ndi wa ludzu ndipo amalowerera m'maluwa. Buffalo wa masamba otambalala amakhala bwino pamthunzi koma amachedwa kuyanga. Udzu wotchedwa LM ndi wa pansi pa mitengo, ndipo njira imene agalu amathamangamo usiku m'mbali mwa mpanda saipirira. Kuzula bwalo lonse chifukwa cha mkodzo n'kuwononga ndalama. Palibe udzu umene supsa.

Pokonza zigamba zimene zilipo kale pali njira ziwirinso: kugula kapinga wa m'matumba kwa ogulitsa m'mbali mwa misewu, kapena kudula wanu womwe. Wogula amaoneka wotchipa mpaka muwerengere dothi, thiransipoti ndi waganyu wodzala. Choopsa kwambiri ndi zimene zimabwera m'dothi lake. Mnzanga wina anatseka zigamba ndi kapinga wotere, mvula itagwa panamera dawe, ndipo timbatata ta dawe tikalowa pabwalo sitituluka ndi khasu. Ndiponso mtundu ukasiyana ndi wanu, bwalo limakhala la mawangamawanga mpaka kalekale.

Wanu womwe ndi waulere ndipo ndi wofanana kale. Palani udzu wakufawo ndi leki mpaka dothi lionekere. Thirirani kwambiri kwa masiku angapo kuti mchere ulowe pansi kupitirira mizu, chifukwa mukadzala padothi losatsukidwa chatsopanocho chimapsanso. Gaulani pang'ono, musakanizemo mchenga ndi dothi labwino, kenako dulani timizere ta kapinga m'mphepete mwa njira, mmene amayangira pasimenti, mudzale n'kupondaponda. Tchingani ndi njerwa kapena waya wa khola la nkhuku, popeza fungo limamukokera galu pomwepo. Feteleza ayi, ngakhale manyowa a nkhuku, chifukwa dothilo ladya kale nayitirojeni wopitirira muyeso. Ndipotu bwalo lonse limene pamayenda agalu lichepetsereni Urea ndi CAN. Kapinga wokhuta feteleza ndi amene amapsa msanga akakodzeredwa. Amene mumamwaza zinyalala za fodya za ku Kanengo kuti udzu ubiriwire, kumbukiraninso kuti mu fodya muli nicotine, ndipo galu akazidya amadwala.

Kwa amene muli pa lendi ndipo mukuopa kuti landilodi adzadula dipoziti, musathamangire kudzala mu Okutobala, mungotaya madzi. Zigamba zazing'ono kuposa mbale ya nsima, pa kapinga woyanga, zipaleni n'kuzitsuka basi, zidzatsekeka zokha ndi mvula. Zikuluzikuluzo muzidzale kumayambiriro kwa Disembala dothi litanyowa bwino, ndipo wayayo musamuchotse mpaka mutatchetchapo kawiri.