Kuunika mafilimu a slasher opangidwa ndi ndalama zochepa

Mafilimu oopsa amene amatchedwa slasher amayenda pa nkhani imodzi yodziwika: munthu wobisa nkhope amasaka gulu la achinyamata n'kumawapha mmodzimmodzi ndi mpeni, nkhwangwa kapena chida china chakuthwa, mpaka patatsala mtsikana mmodzi woti alimbane naye. Ndaonera motsatizana mafilimu anayi a mtundu umenewu, onse opangidwa ndi ndalama zochepa, omwe ndi The Texas Chain Saw Massacre ya 1974, Halloween ya 1978, Friday the 13th ya 1980 ndi Terrifier 2 ya 2022. Chimene chandionekera n'chakuti kuchepa kwa ndalama kaŵirikaŵiri kumawathandiza mafilimu ameneŵa, ndipo pamene afooka, amafookera pa ntchito yotsika mtengo kuposa zonse, yomwe ndi kulemba nkhani.

Halloween ndiyo ikusonyeza bwino mmene umphaŵi umanolera nzeru. John Carpenter, amene anaipanga, anali ndi madola pafupifupi 300,000 ndipo anajambula filimu yonse m'masiku pafupifupi 20. Chigoba chimene wakuphayo, Michael Myers, amavala sichinapangidwe ndi katswiri aliyense: chinali chigoba cha Captain Kirk wa mu Star Trek, chogulidwa m'sitolo pa mtengo wosakwana madola aŵiri, chimene anachipaka utoto woyera ndi kukulitsa mabowo a maso. Nkhope imene inatuluka pamenepo siionetsa mkwiyo, chisoni kapena chimwemwe, ndipo woonera amaikamo yekha chilichonse chimene amachiopa. Nyimbo nayo Carpenter anapeka yekha, kanyimbo ka piyano kobwerezabwereza kamene kamakhala m'mutu ngakhale filimu itatha. Popeza panalibe ndalama zoonetsera mabala ndi magazi ochuluka, filimuyi imadalira kudikiritsa. Wakuphayo amaoneka ataima phee kuseri kwa mpanda wa maluŵa, kenako pakati pa nsalu zoyanikidwa pa chingwe, ndipo Laurie Strode, amene anaseŵeredwa ndi Jamie Lee Curtis mu filimu yake yoyamba, akayang'ananso kachiŵiri amapeza palibe munthu. Mtima umayamba kugunda pasanafe aliyense wa anzake.

Zizindikiro za kuchepa kwa ndalama zilipo ndithu kwa wopenya bwino. Nkhaniyi ikuchitika ku Illinois kumapeto kwa Okutobala, koma inajambulidwa ku California pa nyengo imene mitengo inali yobiriŵira, moti masamba ouma ankachita kuwamwaza m'misewu n'kuwatoleranso kuti akawagwiritse ntchito pena, ndipo m'malo ena mitengo ya kanjedza imasuzumira kumbuyo. Ine zimenezi sizinandisokoneze ngakhale pang'ono, chifukwa maso anga anali kalikiliki kufunafuna chigoba choyera chija m'mbali mwa chithunzi.

Tobe Hooper, amene anapanga The Texas Chain Saw Massacre ndi ndalama zochepa kuposa pamenepa, anajambula pa filimu ya mamilimita 16 m'chitentha cha ku Texas, ndipo zithunzi zake zokhakhala zimachititsa kuti woonera amve ngati akuona zinthu zimene zinachitikadi. Anthu ambiri amaikumbukira ngati filimu yodzaza magazi, chonsecho magazi ooneka ndi ochepa kwambiri. Kulira kwa makina ochekera, kukuwa kwa mtsikana ndi phokoso la chitseko chachitsulo chikutsekedwa mwamphamvu ndizo zimamaliza ntchitoyo m'maganizo a munthu.

Friday the 13th ndi pamene zofooka zimayamba kuonekera poyera. Sean S. Cunningham anali ndi madola pafupifupi 550,000 komanso Tom Savini, katswiri wopanga mabala abodza, amene luso lake silikaikitsa. Muvi wotulukira pakhosi pa woseŵera Kevin Bacon umadzidzimutsa mpaka lero. Vuto lili pa anthu amene akuphedwawo. Achinyamata ogwira ntchito pa kampu ya Crystal Lake alibe mbiri, alibe chimene akufuna pa moyo, ndipo filimu ikatha n'kovuta kukumbukira dzina la aliyense wa iwo, kotero imfa yawo imakhala ngati kuŵerenga manambala chabe. Amachitanso zinthu zimene munthu wamantha sangachite, monga kutuluka yekhayekha usiku mvula ikugwa kukafufuza phokoso, chifukwa wolemba sanapeze njira ina yowalekanitsira ndi anzawo. Choipitsitsa n'chakuti filimuyi imabisa wakuphayo ngati kuti ikufuna kuti woonera alote yekha, kenako imatulutsa Mayi Voorhees chakumapeto, munthu amene sanaonekepo nkhope kuyambira pachiyambi. Uku n'kubera woonera, ndipo kukonza kwake sikukanafuna dola ina yoonjezera. Chigoba cha oseŵera hockey chimene anthu amachidziŵa ndi Jason, mwana wa Mayi Voorhees, sichili mu filimu imeneyi. Chinabwera mu gawo lachitatu mu 1982.

Palinso chizoloŵezi chimene chinakhazikika m'mafilimu a zaka zimenezo, chakuti achinyamata amene amwa moŵa kapena kugonana ndiwo amafa msanga, pamene mtsikana wodziletsa amapulumuka. Carol J. Clover, m'nkhani imene analemba mu 1987, anam'patsa mtsikana wotsalayo dzina lakuti final girl. Chizoloŵezichi chikangodziŵika, woonera amatha kuloza amene afe ndi amene apulumuke m'mphindi khumi zoyambirira, ndipo mantha amazilala.

Terrifier 2 inatenga njira yosiyana ndi ya Carpenter, pakuti imaonetsa chilichonse. Damien Leone anaipanga ndi madola pafupifupi 250,000, ena mwa iwo osonkhedwa ndi okonda mafilimu kudzera pa Indiegogo, tsamba la pa intaneti losonkhera ndalama, ndipo inabweretsa madola oposa 15 miliyoni. Mabala ambiri anawapanga ndi manja m'malo modalira kompyuta, ndipo kulemera kwa ntchito ya manjayo kumaoneka. David Howard Thornton, amene amaseŵera wakuphayo, Art the Clown, osalankhula liwu ndi limodzi lomwe, amaseketsa ndi kuopsa pa nthaŵi imodzi pogwiritsa ntchito nkhope ndi manja okha. Komabe filimuyi ndi ya mphindi 138, ndipo nkhanza zina zimatalika mpaka mantha amasanduka nseru, kenako kutopa. Ufulu wosakhala ndi kampani yaikulu yom'lamula unam'lola Leone kuchita zimene ankafuna, koma unam'manitsanso munthu womuuza kuti apa pakwana.

Kwa munthu wamkulu amene akufuna kulaŵa mtundu umenewu, Halloween ndiyo yoyambira, ndipo ndi bwino kuionera usiku, mawu akumveka bwino, popeza theka la mphamvu zake lili m'makutu. The Texas Chain Saw Massacre ibwere pambuyo pake. Friday the 13th ndi ya amene akufuna kuona luso la Savini, osati nkhani. Terrifier 2 siyoyenera ana m'pang'ono pomwe, ngakhale akuluakulu amene sapirira kuona magazi, ndipo ikanadulidwa mphindi 30 kapena 40 ndikanaiika pafupi ndi ziŵiri zoyambazo.