Mitundu ikasokonekera pa monita: chingwe, mabatani a monita, kapena za mkati mwa laputopu?

Mlamu wanga amapanga makadi a ukwati ndi a chinkhoswe ku Area 25. Anagula monita yogwirapo kale ntchito ya mainchesi 24 ku Old Town, koma atangoilumikiza ku laputopu, suti yakuda ya mkwati inasanduka phulusa, chitenje chofiira cha akuchikazi n'kutuwa ngati chachapidwa kambirimbiri. Pa laputopu zonse zinali bwinobwino. Anandiimbira: "Alamu, andigwira m'maso, mawa ndikabweza." Ndinawauza kuti adikire kaye, chifukwa monita yakufa siituwa chonchi. Njira zothetsera vutoli zilipo zinayi, ndipo yoyenera imadziwika poona mmene chithunzi chalakwikira.

Yoyamba ndi imene aliyense amathamangira, kugula chingwe china. Pa VGA, chingwe cha mutu wabuluu chokhala ndi timano 15 chija, maganizo amenewa ndi olondola. VGA inabwera ndi IBM mu 1987, ndipo mtundu wofiira, wobiriwira ndi wabuluu uliwonse umayenda pa waya wakewake, pa kadzino koyamba, kachiwiri ndi kachitatu. Kofiira kakapindika, sikirini yonse imakhala yobiriwira mopita ku buluu. Kabuluu kakasiya kugunda, zonse zimakhala zachikasu. Kobiriwira kakafa, mumaona pinki wopita ku pepo. Chizindikiro chake n'chakuti mukagwedeza chingwe, mtundu umabwera n'kuthawanso. Musanagule n'komwe, punthani fumbi la mu Okutobala lomwe ladzaza m'timabowo, ndipo mangani tizomangira tiwiri ta m'mbali tija. Anthu ambiri amangosomeka osamanga.

Pa HDMI nkhani ndi ina. Chingwechi chimanyamula manambala, ndipo manambala satuwa m'njira. HDMI yowonongeka imaonetsa timadontho tong'anima, kapena chithunzi chimazima n'kuyakanso. Ngati vuto lanu ndi kutuwa kokhazikika, ngakhale mutagula chingwe cha mitu yagolide, mungotaya ndalama ndi ya minibasi yomwe.

Gwero la kutuwako ndi ili. HDMI anaipangira ma TV, ndipo TV imawerenga kuwala kuyambira pa 16, chomwe ndi chakuda bii, kufika pa 235, choyera mbee. Kompyuta imawerenga kuyambira pa 0 kufika pa 255. Mukalumikiza, monita imadzifotokoza kwa laputopu kudzera m'kauthenga kotchedwa EDID, ndipo ma monita ambiri a 1920 x 1080 amafotokoza zofanana ndi TV, choncho laputopu imawayesa TV. Laputopu imatumiza 16 poganiza kuti yatumiza chakuda, koma monita yomwe ikudikira 0 imaonetsa 16 ngati phulusa. Zikasemphana mbali inayo, laputopu n'kutumiza 0 mpaka 255 kwa monita yodikira 16 mpaka 235, zonse za mumthunzi zimamira mumdima. Kolala ya suti simuiona, ndipo maluwa a pa diresi loyera amafufutika. Palinso kusemphana kwachiwiri, pakati pa RGB ndi YCbCr, njira ziwiri zolembera mtundu. Wina akamatumiza iyi winayo n'kumawerenga inayo, sikirini imakhala ya pinki kapena yobiriwira ngakhale chingwe chili chatsopano.

Njira yachiwiri ndi kukonza pa mabatani a monita. Pa Samsung fufuzani HDMI Black Level: Normal ndi ya 0 mpaka 255, Low ndi ya 16 mpaka 235. Pa LG pamalembedwa Black Level, High kapena Low. Ngati chithunzi chatuwa, sankhani Low. Pa Dell pali Input Color Format, pomwe mumasankha RGB kapena YPbPr (ndiyo YCbCr ija), ndipo apa ndi pamene pinki uja amathera nthawi zambiri. Ubwino wake, sizifuna bandulo, sizitenga mphindi ziwiri, ndipo zilibe kanthu kuti laputopu ndi ya Windows, Mac kapena Linux. Chomwe sindikondwera nacho n'chakuti mukasankha Low mwagonjera cholakwa cha laputopu: mwatsala ndi masitepe 220 a kuwala m'malo mwa 256. Woonera mpira sazindikira kanthu, koma wokonza zithunzi amatha kuona mizeremizere pa thambo kapena pa khoma. Komanso tsiku lomwe mudzasomeke kompyuta ina pa bowo lomwelo, mitundu idzasokonekeranso, inu mutaiwala kalekale zomwe munasintha.

Yachitatu, yomwe ine ndimasankha pa Windows, ndi kuuza laputopu yeniyeniyo zoti izitumiza, kudzera mu pulogalamu ya kampani yomwe inapanga khadi lake la zithunzi: NVIDIA, AMD kapena Intel. Pa NVIDIA Control Panel pitani pa Change resolution, sankhani Use NVIDIA color settings, kenako Output color format ikhale RGB ndipo Output dynamic range ikhale Full. Pa AMD Software, Pixel Format ikhale RGB 4:4:4 ya Full RGB. Pa Intel Graphics Command Center dzina lake ndi Quantization Range. Mukatero bwezerani monita pa Normal kapena High kuti ziwirizi zigwirizane.

Apa pali msampha womwe unatidyera madzulo athunthu. Laputopu ya alamu ili ndi chomata cha NVIDIA, ndiye tinafufuza mu NVIDIA Control Panel osapeza tsamba limenelo. Malaputopu ambiri ali ndi makadi awiri a zithunzi, ndipo bowo la HDMI limatha kukhala la Intel, osati NVIDIA. Windows imanena yokha: tsegulani Settings, System, Display, kenako Advanced display, ndipo pamenepo pamalembedwa khadi lomwe monita yalumikizidwako ndi Color format yomwe ikuyenda. Mudakali pomwepo onaninso ziwiri: HDR, njira yowonjezera kuwala kwa chithunzi, yomwe imatha kutuwitsa zonse pa monita yotchipa ndipo pa Windows 11 imazimitsidwa ndi mabatani a Windows, Alt ndi B pamodzi, ndi Night light, yomwe imapaka chikasu dala. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti dalaivala, pulogalamu yoyendetsa khadi la zithunzi, ikasinthidwa imatha kubwezera zonse pakale, ndipo pulogalamu ya Intel ikasowa muyenera kuitsitsa pa Microsoft Store.

Yachinayi ndi kuthawa HDMI. DisplayPort, yomwe bungwe la VESA linatulutsa mu 2006, anaipangira makompyuta, choncho nthawi zambiri imayamba yokha ndi RGB ya 0 mpaka 255. Ngati monita ili ndi bowo limeneli ndipo USB-C ya laputopu yanu imatulutsa chithunzi, chingwe cha USB-C kupita ku DisplayPort chimathetsa mkanganowo osagwira batani lililonse. Si USB-C iliyonse yomwe imatero. Onani kachizindikiro ka DP kapena kamphezi ka Thunderbolt pambali pa bowo. Ndipo kaadaputa ka USB-C kupita ku HDMI kamangokubwezani komwe mwachokera. Kwa eni MacBook, makamaka a M1, njira iyi ndi imene ndingayambe nayo, chifukwa macOS ilibe poti musankhe RGB mosavuta ngati Windows, ndipo pa ma monita ena imatumiza YPbPr kudzera pa HDMI.

Ma monita akale a m'maofesi, omwe ndi ambiri pa msika wa zogwirapo kale ntchito, amakhala ndi bowo loyera la DVI lomwe anthu amalinyalanyaza. DVI imadziwa RGB yokha basi. Chingwe cha HDMI kupita ku DVI chimafika 1920 x 1200 pa 60 Hz, ndipo chithunzi chake n'chakuthwa kuposa cha kabokosi kosintha HDMI kukhala VGA. Mawu okha ndiwo simuwapeza pa monita.

Kwa alamu sitinagule kanthu. Advanced display inaonetsa kuti monita ili pa Intel, tinaika Quantization Range pa Full, ndipo suti ija inada bii pomwepo. Monita sinabwerere ku Old Town. Tsopano akudandaula kuti chofiira cha pa sikirini sichikufanana ndi chomwe chikutuluka pa pirinta, ndipo andiitananso Loweruka.