Star Realms: akazembe awiri a zombo za m'mlengalenga pa tebulo limodzi

Kabokosi ka Star Realms kamakwana m'thumba la jekete. Muli makhadi 128 basi, mulibe bolodi kapena madayisi. Anapanga masewerawa ndi Rob Dougherty ndi Darwin Kastle a ku America, ndipo anatuluka mu 2014. Kanga anandibweretsera msuweni wanga wa ku Johannesburg, ndipo amene ndimalimbana nawo kawirikawiri ndi alamu anga, makamaka madzulo magetsi akazima.

Mumasewera anthu awiri, aliyense ngati mkulu wa gulu la zombo zankhondo za m'mlengalenga. Aliyense amayamba ndi mapointi 50, ndipo amene mapointi ake atsitsidwa mpaka kutha ndiye wagonja. Poyamba nonse mumakhala amphawi chimodzimodzi: makhadi khumi, asanu ndi atatu a Scout opatsa ndalama imodziimodzi, ndi awiri a Viper owombera kamodzikamodzi. Pakati pa tebulo pamayalidwa makhadi asanu ogulitsa. Ukagula chombo sichimenya nkhondo pompo ayi, chimayamba chapita pa mulu wa makhadi ogwiritsa kale ntchito, n'kudzabwera m'manja mwako ukasakanizanso.

Zithunzi zake ndi za mizinga ndi moto, moti munthu angaganize kuti wopambana ndi amene wagula chombo chachikulu. Ine ndaona kuti wopambana ndi amene amayang'anitsitsa zimene mnzake akugula. Magulu a zombo alipo anayi, ndipo khadi limawonjezera mphamvu likakumana ndi linzake la mtundu umodzi. Obiriwira, a Blob, ndi ankhanza pomenya. Abuluu, a Trade Federation, amabweretsa ndalama ndi kukubwezera mapointi. Achikasu, a Star Empire, amakakamiza mnzako kutaya khadi la m'manja mwake asanayambe n'komwe kusewera. Ofiira, a Machine Cult, amakulola kuchotseratu makhadi ofooka, kuti mulu wako utsale ndi zombo zamphamvu zokhazokha. Ndiye mnzako akagula ofiira awiri motsatizana, wakuuza kale maganizo ake: akufuna nkhondo yaitali. Ukamulekerera, kumapeto dzanja lake lililonse limakhala la moto. Mankhwala ake ndi kumuthamangira ndi obiriwira otchipa asanakonzeke.

Alamu anga amakonda ofiirawo. Tsiku lina pa msika panatuluka Brain World, khadi lofiira la ndalama 8, lodula kwambiri. Ndinawaona akuwerenga chamumtima, milomo ikugwedera, kenako n'kugula ka Explorer, kachombo kopatsa ndalama ka mtengo wa ndalama ziwiri, ngati munthu wosalabadira. Ndinadziwa kuti akusonkhanitsa makhadi opatsa ndalama kuti adzagule Brain World uja. M'manja mwanga munali Battle Pod, kachombo kobiriwira ka ndalama ziwiri kamene kamaloledwa kuchotsa khadi limodzi pa msika. Ndinanyamula Brain World uja n'kumuponya kumbali. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Alamu, chemwali wanga ndinakupatsani ndi mtima woyera." Tinaseka mpaka ana anadzuka. Kukoma kwa masewerawa kuli pamenepo, monga pa bawo pamene wawerenga nkhomo za mnzako iye asanazigwire.

Palinso makhadi osindikizidwa chopingasa, amene ndi malinga. Zombo zimabwera n'kupita, koma linga limakhalabe pa tebulo mpaka mdani aligwetse. A chishango chakuda ndiwo ovuta, chifukwa sungamenye mwini wake usanawaphwanye. Apa mutu umagwira ntchito: mphamvu zisanu zimene uli nazozi uzigwetsere linga, kapena umudule mapointi? Ambiri ongoyamba kumene amathamangira mapointi, n'kudzalira linga lija litayamba kubereka.

Zodandaula zilipo. Makhadi owerengera mapointi, a mbali ziwiri aja a 1 ndi 5 komanso 10 ndi 20, ndi osokoneza. Ife tinawabwezera m'bokosi, timalemba pa pepala. Mwayi nawo uli ndi gawo lake. Nthawi zina ukangogula khadi, pamalo pake pamagwa chombo chabwino zedi chimene mnzako amangotola, ndipo palibe nzeru imene ikanaletsa zimenezo. Sindidandaula kwambiri poti masewera amodzi amatha pa mphindi pafupifupi 20, wogonja amangoti tibwereze. Malangizo onse ali m'Chingerezi, koma mawu a pa makhadi ndi ochepa, zambiri ndi zizindikiro ndi manambala. Mwana wa Sitandade 7 amazigwira msanga. Chovuta china n'cha kwathu kuno: apongozi ataona makhadi pa tebulo anaganiza kuti tayamba njuga, ndipo panafunika kufotokoza kuti ndalama zake n'zojambula chabe.

Kabokosi kamodzi n'ka anthu awiri okha, choncho amene akufuna masewera a banja lonse asakayembekezere zambiri. Makhadi amayamba kutha m'mbali chifukwa chosakaniza pafupipafupi, makamaka a Scout ndi Viper, ndiye ngati wokugulirani angapeze timapulasitiki tovekera makhadi, atengeretu. Musanavutitse wachibale wa kunja, yambani mwayesa pa foni. Star Realms ilipo pa Android ndi iPhone, ndipo mukhoza kuphunzira polimbana ndi kompyuta osalipira.