Njinga yopalasa chotsamira m'misewu ya Blantyre: mmene ndayionera

Njinga ndinaisiya kalekale chifukwa cha msana. Ndikangoweramira pa mahandulo, khosi ndi manja zinkachita dzanzi. Ndiye nditapeza njinga ya recumbent kwa bambo wina wogulitsa katundu wa kaunjika ku Limbe, sindinachedwe. Mpando wake uli ngati wa ndalema: umatsamira, miyendo n'kuloza kutsogolo kumene kuli mapedulo. Tayala lakutsogolo ndi la mainchesi 20, lakumbuyo 26.

Amene munapalasapo kale njinga wamba, dziwani kuti ponyamuka luso lakale lija silikuthandizani. Apa mpamene pagona nkhani. Gwirani buleki, ikani phazi limodzi pa pedulo yomwe ili m'mwamba, msana ukhale phee pa mpando. Mukasiya buleki kankhani mwamphamvu, phazi linalo likwere msanga, maso akhale patali, osati pa mawondo. Mahandulo agwireni mofewa. Mukawafinya njinga imayamba kudzandira. Ine ndinaphunzirira pa bwalo lotsetsereka pang'ono, miyendo ili lende, mpaka thupi linazolowera. Pokhota kwambiri samalaninso, chidendene chimakhula tayala lakutsogolo.

Ikakuzolowerani, abale, imakoma. Lamlungu m'mamawa ndimatsika nayo msewu wa ku Chileka, phiri la Michiru ndikuliona bwinobwino popanda kutukula khosi, ndipo pofika kunyumba msana suwawa. Potsetsereka imathamanga zedi chifukwa mphepo siikugunda pachifuwa. Liwiro lomweli ndi limene linachititsa bungwe la UCI, loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, kuletsa njinga zotere pa mipikisano yake mu 1934, Francis Faure wa ku France atapalasa makilomita 45 pa ola limodzi mu 1933 pa njinga yopangidwa ndi Charles Mochet.

Koma Blantyre ndi wa zitunda. Kuchoka pa Ginnery Corner kukwera ku Chichiri mpaka Limbe, simungaimirire pa mapedulo monga timachitira pa njinga wamba. Ndi giya yopepuka basi, n'kumapukusa miyendo moleza mtima. Maenje a m'misewu nawonso amafika mpaka pamsana, poti podzukira palibe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kufupika kwake. Pakati pa maminibasi ndi a kabaza mu Chipembere Highway, dalaivala sakuonani msanga. Ndinamangirira kambendera kofiira pa ndodo yaitali kumbuyo, n'kuikanso galasi, chifukwa kucheuka uli chotsamira n'kovuta. Nthawi yoweruka anthu ku ntchito sindiyerekeza n'komwe.

Zokonzetsa sizinandivute. Tcheni chake n'chachitali, moti wokonza njinga wa mumsika wa Ndirande analumikiza matcheni atatu wamba n'kudulako pang'ono. Machubu a 20 amapezeka kwa ogulitsa zipangizo za njinga za ana. Mpando wokhawo ndiye wosowa, choncho pogula uyang'anitsitseni ngati sunang'aluke.

Kwa wamsana ngati ine, wofuna kupalasa m'mawa misewu ili zii, ndikuti gulani. Ngati mukufuna yopitira kuntchito tsiku ndi tsiku kapena yonyamulira thumba la chimanga, pezani njinga wamba.