Kalasi ya Chijeremani ku Braamfontein, komwe buku limatsegulidwa pomaliza

Ndimasamalira agogo ena ku Randburg, ku Johannesburg, koma mtima wanga uli pa unamwino wa ku Germany. Kumeneko amafuna Chijeremani chofika mulingo wapakati wotchedwa B1, ena mpaka wotsatira wake, B2, ndiye ndinalembetsa kalasi ina ya Loweruka m'mawa ku Braamfontein. Tilimo anthu 8, Amalawi tili awiri.

Tsiku loyamba ndinabwerako nditakhumudwa. Ndalama ndalipira, buku ndagula, koma aphunzitsi akuti mabukuwo abwerere m'zikwama. Anatiikira kankhani pa sipika katatu konse, ife kumangobwereza ngati ana a sitandade 1. Pepala la nkhaniyo anatipatsa kutatsala mphindi 20 kuti tiweruke.

Patatha miyezi itatu ndi pomwe ndinazindikira chimene ankachita. Chijeremani chimawerengedwa pafupifupi mmene chalembedwera, ngati Chichewa chathuchi, bola khutu lizolowere tizinthu tingapo: "w" amamveka ngati "v", "ei" ngati "ai", ndipo "z" ndi "ts" wathu yemwe uja wa "tsiku". Anzathu olankhula Chingerezi chokha ankapunthwa pa "Zeit", ine ndi mlongo wanga wa ku Mzimba tinkangodutsa. Mawu otalika ngati "Krankenversicherung" poyamba ankandiopsa m'buku. Nditawamva akutchulidwa, ndinamva pomwe akuduka: Kranken, kenako Versicherung, inshulansi ya odwala basi. Ife amene timati "sindidzakuuzaninso" ngati liwu limodzi, zoterezi zitiopserenji?

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi mneni. Pambuyo pa "weil" (chifukwa) kapena "dass" (kuti) amathawira kumapeto kwenikweni kwa chiganizo. Kale ndinkasochera pakati. Pano maso amadikira mneniyo chifukwa khutu linayamba kale kumudikira.

Zodandaula zilipo. Chipindacho mu June chimazizira koopsa, hita ndi imodzi, ndipo sipika imalira ngati wailesi yakutha mabatire. Galamala amaithamangira; za der, die, das, timawu tobwera dzina lisanatchulidwe, mudzazilimbana nokha kunyumba. Ine ndimawonjezera ndi Nicos Weg, kosi yaulere ya pa intaneti ya wailesi ya ku Germany ya Deutsche Welle, ndimamvera mu taxi popita kuntchito.

Mayeso a B1 ndikalembera ku Goethe-Institut, bungwe lophunzitsa Chijeremani, pa Jan Smuts Avenue ku Parkwood. Sabata yatha ndinawerenga kalata yonse ya chipatala china cha ku Germany osatsegula dikishonale, milomo ikuyenda yokha, mpaka agogo anga aja kufunsa ngati ndikupemphera.